Bogi ya Malasha pa Chikhatho



Ku South Wales kuli tauni ya m'mphepete mwa nyanja yotchedwa Barry. Kumeneko kunali kampani ya Woodham Brothers, yomwe ntchito yake inali kugula zitsulo zakutha, kuziduladula ndi kuzigulitsa kwa osungunula. Pamene Britain inkasiya sitima zoyendera malasha ndi nthunzi, kuyambira 1959 kufika 1968, kampaniyi inagula mitu ya sitima 297. Inagulanso mabogi akale onyamula katundu, miyandamiyanda. Mkulu wa kampaniyo, Dai Woodham, anaona kuti bogi siivuta kudula, ndalama yake imabwera msanga, komanso mabogi ndi amene ankadzaza njanji za pamalopo. Choncho anauza antchito ake kuti ayambe ndi mabogi, mitu idikire kaye. Mituyo inakhala pamzere zaka ndi zaka ikudyedwa ndi dzimbiri, mpaka anthu okonda sitima anayamba kusonkha ndalama n'kumaigula umodziumodzi. Pofika 1990, mitu 213 inali itatulutsidwa pamalopo, ndipo yambiri inakonzedwa, ikuyendabe lero pa njanji zosungira mbiri.

Anthu a ku Britain amaikamba nkhaniyi mosangalala, ndipo m'pomveka. Koma ine ndikaimva, mtima umapita kwa mabogi aja. Mitu inapulumuka chifukwa moto wodulira zitsulo unali kalikiliki pa mabogi, ndipo osonkhera bogi ya malasha anali ochepa zedi. Mutu wa sitima uli ndi dzina, umaliza mluzu, umafuka utsi, ana amauthamangira. Bogi ilibe zonsezo. Komatu mutu unalipo kuti uzikoka mabogi, ndipo kwa zaka zambiri makampani a njanji a ku Britain ankapeza ndalama zochuluka pa katundu kuposa pa anthu okwera. Mfundo imene ndabwera nayo ndi yakuti chinthu chikatha osasungidwa, munthu amene wachipanganso molondola, ngakhale chikhale chaching'ono chokwana pa chikhatho, wagwira ntchito ya wolemba mbiri. Akachipanga mwachisawawa, wanamizira anthu amene anachigwiritsa ntchito.

Tiyeni tiione kaye bogiyo isanachepetsedwe.

M'chaka cha 1913 migodi ya ku Britain inatulutsa malasha okwana matani 287 miliyoni, ndipo anthu ogwira ntchito m'migodimo anali oposa miliyoni imodzi. Malasha ochuluka ankachoka pamgodi pa njanji, m'mabogi ang'onoang'ono amatabwa, opanda denga, amawilo anayi, onyamula matani 8, 10 kapena 12. Chodabwitsa kwa ife n'chakuti mabogi ambiri otere sanali a kampani ya njanji. Anali a eni migodi, a makampani opanga gasi, a mabungwe a makopaletivi, ndi a anthu ogulitsa malasha m'matauni, ena mwa iwo okhala ndi mabogi awiri kapena atatu okha, ogula pangongole kwa amisiri owapanga. Mwini aliyense ankafuna kuti dzina lake lioneke patali, choncho m'mbali mwa bogi munkalembedwa zilembo zikuluzikulu, zodutsa matabwa atatu kapena anayi, zolembedwa pamanja ndi burashi, zambiri zoyera zokhala ndi mthunzi wakuda. M'munsi, pakona, munkakhala timalemba ting'onoting'ono tonena kulemera kwa bogi ikakhala yopanda kanthu, ndi mgodi umene iyenera kubwezedwako ikatsitsidwa katundu.

Timalemba timeneti tinali ndi mtengo wake. Bogi ya munthu sikanadzazidwa ndi katundu wa wina. Ikatsitsa malasha ku London, inkayenera kusankhidwa pakati pa zinzake mazanamazana n'kubwerera kwawo yopanda kanthu. Usiku wonse m'mabwalo osankhira mabogi munkamveka kugundana kwa zitsulo, anthu akulekanitsa ya uyu ndi ya uyo.

Popeza opanga mabogi anali ambiri, aliyense ndi kapangidwe kake, bogi ikawonongekera kutali ndi kwawo zipangizo zake zinkasowa. Bungwe la Railway Clearing House, limene linakhazikitsidwa mu 1842 kuti lizigawa ndalama pakati pa makampani a njanji, linayamba kuika malamulo a kapangidwe ka mabogi a anthu wamba: mu 1887, kenako mu 1907, ndiye mu 1923. Bogi ya malamulo a 1923 ndi imene ndikufuna tiigwire bwino. Inkanyamula matani 12. M'litali inali mafiti 16 ndi mainchi 6, m'lifupi pafupifupi mafiti 8, ndipo kuchoka pa ekiselo ina kufika pa inzake panali mafiti 9. M'mbali munali matabwa 7 kapena 8 osanjikizana. Inali ndi chitseko mbali iliyonse chogwera pansi, chotsitsira malasha ndi fosholo. Zambiri zinalinso ndi chitseko kumapeto kumodzi, kuti pa doko ngati la Cardiff kapena la Barry makina aipendamitse yonse malasha akhuthukire m'sitima ya pamadzi, ndipo zina zinali ndi zitseko ziwiri pansi. Malamulo a 1923 anabweretsanso mabokosi a ekiselo othiridwa oyilo. Mabogi akale ankapakidwa girisi wolimba, amene m'nyengo yozizira ankagwira ngati sakufuna kuti wilo lizungulire.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri pa bogi imeneyi ndi mabuleki ake. Ku America, George Westinghouse anapeza buleki yoyendera mpweya mu 1869, Eli Janney anapeza cholumikizira mabogi chodzikola chokha mu 1873, ndipo lamulo la 1893 linakakamiza makampani kugwiritsa ntchito zinthu zimenezi. Ku Britain bogi ya malasha inakhalabe ndi buleki yamanja yokha, ndipo inkalumikizidwa ndi inzake ndi unyolo wa mphete zitatu. Woyendetsa analibe njira yomangira mabuleki a mabogi ali m'mutu. Sitima yonse inkadalira buleki ya mutu kutsogolo ndi buleki ya kanyumba ka gadi kumbuyo, n'chifukwa chake inkayenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 40 pa ola. Ikafika pamwamba pa chitsikira choopsa, inkaima, gadi n'kutsika, n'kuyenda m'mbali mwa sitima akutsitsa chigwiriro cha buleki bogi ndi bogi, akuchikhomera ndi kachitsulo kuti chisabwerere. Kaya ndi usiku, kaya kukugwa chipale, ntchito inali yomweyo. Poyamba ulendo, unyolo uliwonse unkakungika pawokhapawokha kuyambira kutsogolo, ndipo woyendetsa akafulumira, kugwedeza kwake pofika kumapeto kunkatha kumugwetsa gadi m'kanyumba kake, kapena kudula unyolo.

M'mabwalo osankhira mabogi munali amuna ogwira ndodo yaitali yokhala ndi kangowe kachitsulo kunsonga, yokolera ndi kumasulira unyolo osalowa pakati pa mabogi. Bogi ikakankhidwa n'kumayenda yokha, munthu ankaithamangira m'mbali kuti akaigwire buleki isanagunde zinzake. Ambiri anaduka miyendo ndi manja pa ntchito imeneyi, ambiri anafa. Mabogi akale anali ndi chigwiriro cha buleki mbali imodzi yokha, ndiye munthu akakhala mbali inayo ankakakamizika kudutsa pakati pa mabogi oyenda. Mu 1911 boma linalamula kuti chigwiriro chizikhala mbali zonse ziwiri, chakudzanja lamanja la munthu amene wayang'anizana ndi bogi. Isungeni mfundo imeneyi. Kachitsulo kameneko pa kabogi kathu n'kakang'ono kwambiri, koma malo ake anagulidwa ndi miyoyo ya anthu.

Nkhondo itayamba mu September 1939, boma linatenga pafupifupi mabogi onse a anthu wamba, oposa theka la miliyoni, n'kuwasakaniza kuti aliyense azinyamula katundu wopita kulikonse. Kuyambira pamenepo penti inasiya kupakidwa. Thabwa likawola, amisiri ankalichotsa n'kuikapo latsopano losapenta, ndipo dzina la mwini linayamba kuduka: chilembo china chatsala mutu wokha, china miyendo yokha, pakati thabwa loyera. Eni ake sanawaonenso mabogi awo. Mu 1948 njanji zonse zikuluzikulu zinakhala za boma pansi pa British Railways, mabogi aja anapatsidwa manambala atsopano oyamba ndi chilembo P, olembedwa pa kachigamba kakuda, ndipo m'malo mwawo munayamba kubwera mabogi achitsulo a matani 16, amene anapangidwa oposa 200,000 a mtundu umodzi wokha. Lipoti la Richard Beeching la 1963 linapeza kuti bogi ikadzazidwa katundu, pankapita masiku a ntchito pafupifupi 12 isanadzazidwenso. Nthawi yambiri inkangokhala chiimire. M'zaka za m'ma 1960 zomwezo mabogi amatabwa a malasha anachoka pa njanji zikuluzikulu. Ambiri anawotchedwa kuti zitsulo zake zitoledwe mosavuta. Otsala lero ndi owerengeka, ndipo mayina ambiri mwa eni aja atsala pa zithunzi zokha.

Apa m'pamene wopanga timabogi amalowerera.

Mulingo umene anthu ambiri a ku Britain amagwiritsa ntchito ndi wa mamilimita 4 pa fiti iliyonse, kutanthauza kuchepetsa chinthu ka 76.2. Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Mafiti 16 ndi theka kuchulukitsa ndi 4, tipeza mamilimita 66: kabogi kathu kangoposa pang'ono bokosi la machesi. Pakati pa maekiselo, mafiti 9, pakhala mamilimita 36. Wilo la mafiti 3 ndi inchi imodzi ndi theka likhala mamilimita 12.5. Thabwa la mainchi 7 m'lifupi likhala mamilimita 2.3. Inchi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, choncho nati ya bawuti imene inagwira thabwa ku chitsulo siifika ndi theka la milimita lomwe. Mukalakwitsa ndi milimita imodzi, pa bogi yeniyeni mwalakwitsa ndi mainchi atatu, ndipo kalipentala wolakwitsa mainchi atatu sakanagona pa ntchito.

Masamu ndi mbali yosavuta. Yovuta n'kudziwa chimene ukuchepetsacho. Umboni woyamba ndi mapulani a amisiri, ndipo ambiri anasungidwa ndi National Railway Museum ku York komanso ndi bungwe la Historical Model Railway Society, limene linayamba mu 1950. Koma pulani imakuuza zimene wojambula ankafuna. Zimene amisiri anapangadi, ndi zimene okonza anadzasintha patapita zaka, zimaoneka pa chithunzi. Mwamwayi makampani ena, monga Gloucester Railway Carriage and Wagon Company ndi Charles Roberts wa kufupi ndi Wakefield, anali ndi chizolowezi chojambula mabogi atsopano asanaperekedwe kwa eni ake. Anthu ngati Bill Hudson ndi Keith Turton anathera zaka zambiri akusonkhanitsa zithunzi zotere m'mabuku, akufufuza kuti mwini aliyense anali ndani, ankagulitsira kuti, malasha ankawatenga kumgodi uti.

Chithunzi nachonso chimatha kusokeretsa munthu. Mafilimu akale a zithunzi zopanda mtundu sankaona bwino kufiira: chofiira chinkatuluka chakuda, chobiriwira ngati thambo chinkatuluka chotuwa. Bogi imene pa chithunzi ikuoneka yakuda bii mwina inali yofiira. A ku Gloucester anatithandiza poika kabolodi pansi pa bogi pojambula, pomwe ankalembapo miyeso yake ndi mitundu ya penti. Pomwe palibe kabolodi, wofufuza amapita ku mabuku a maoda a kampani. Ndipo chithunzi chimodzi chimaonetsa mbali imodzi ndi mapeto amodzi basi. Chitseko cha kumapeto chikakhala kumanzere mbali ino, mbali inayo chili kumanja, ndipo zitsulo zopingasa zimatsatira chimodzimodzi; woiwala izi amapanga mbali ziwiri zofanana, n'kudzazindikira polumikiza kuti zitseko zayang'ana kosiyana.

Tsopano tikhale pa tebulo la ntchito. Zida n'zochepa: rula yachitsulo, mpeni wakuthwa wa nsonga, tupa yaing'ono, kabowolero ka m'manja, kopanira tinthu ting'onoting'ono, ndi chidutswa cha galasi. Ambiri amagwiritsa ntchito pulasitiki yopyapyala yoyera yogulitsidwa ngati mapepala. Ena amakonda matabwa opyapyala enieni chifukwa amamwa penti mmene thabwa limamwera. Mumayamba ndi kulemba mizere ya matabwa musanadule mbali ya bogi, pokanda ndi kumbuyo kwa nsonga ya mpeni motsatira rula. Mzere ukande kunja ndi mkati momwe. Anthu ambiri amaiwala mkati, chikhalirecho bogi ya malasha inkathera theka la maulendo ake yopanda kanthu, ndipo munthu woyang'ana kabogi pa tebulo amayamba kuona mkatimo. Matabwa sanali ofanana onse m'lifupi, ndiye muziwerenga pa chithunzi limodzilimodzi. Mukatha kudula, mumaimika mbali ndi mapeto pa galasi, n'kukhudza polumikizira ndi kaburashi konyowa ndi mankhwala osungunula pulasitiki. Dontho limodzi limayenda lokha mumng'alu wonse. Mukachulutsa, kapena chala chikakhudza ponyowa, chidindo cha chala chanu chimatsala pa thabwa.

Kenako zitsulo: zam'makona, zopingasa, mahinji a zitseko, zonse zodulidwa ku pepala la kotala ya milimita. Pomaliza mabawuti. Mumadula kandodo kapulasitiki kowonda ngati tsitsi la mchira wa ng'ombe m'tizidutswa, n'kumatola kamodzikamodzi ndi nsonga ya mpeni yonyowa, kuika pamalo pake. Pa bogi imodzi alipo mazana. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwa amakwanira ndendende, chifukwa mabawuti amenewa ndi amene amagwira kuwala n'kuchititsa kuti diso likhulupirire kuti ichi n'chitsulo chomangidwa pa thabwa.

Kunsi kwa bogi n'kumene mmisiri amadziwikira. Maekiselo awiri ayenera kulingana bwinobwino, nsonga zake zikuzungulira m'timakapu tamkuwa. Mukaika kabogi pa galasi, mawilo onse anayi akhudze. Kakagwedera, kadzagwa pa njanji. Nsapato za buleki ziyang'anizane ndi mawilo enieniwo. Pa timabogi tambiri ta m'sitolo, makamaka takale, nsapatozo zinaumbidwa kunja, pomwe sizikanakhudza wilo ngakhale pang'ono. Ndipo muonetsetse ngati bogi yanu inali ndi zitseko zapansi, chifukwa ngati inali nazo, sipakanadutsa chitsulo cholumikiza mabuleki a mbali ziwiri, malasha akanachigwera. Bogi yotere inali ndi mabuleki awiri osadalirana, mbali ino ake, mbali inayo ake. Ndimalimbikitsa ophunzira kuti asanamate chilichonse atsate ndi chala: chigwiriro chikatsika, chitsulo ichi chizungulira chonchi, ndodo izi zikankhira uku, nsapato zigwira wilo. Ngati pa kabogi kanu kutsitsa chigwiriro kukanachotsa nsapato pa wilo, mwapanga bogi imene ikanapha munthu.

Musanatenge penti, sankhani chaka. Bogi imodzimodziyo mu 1930 inali ndi dzina lonse lowala. Mu 1944 inali yotuwa, dzina loduka. Mu 1955 inali ndi nambala ya P, mzere woyera wopendekeka woloza kumene kuli chitseko cha kumapeto, ndi timizere tiwiri toyera m'munsi tosonyeza kuti ili ndi zitseko zapansi. Kuphatikiza zizindikiro za zaka zosiyana pa kabogi kamodzi n'kupanga chinthu chimene sichinakhaleko. Kudetsa nakonso kumafuna chithunzi pafupi. Thabwa losapenta likakalamba limatuwa mofanana ndi phulusa, silikhala lakhofi ngati la m'sitolo. Dzimbiri limayambira pa bawuti n'kutsetsereka ndi mvula. Fumbi la malasha limakhazikika m'mizere ndi m'makona, ndipo pomwe chitseko chimamenya chikagwa pamakhala chipsera. Katundu wake akhale malasha enieni, osinja ndi kusefa, pokumbukira kuti a m'nyumba anali mabuluwa akuluakulu pomwe a m'mafakitale ena anali osalala ngati miyala yaing'ono.

Pali vuto limodzi limene ndiyenera kulitchula chifukwa litikhudza ifenso. Njanji ya ku Britain ndi yotalikirana mamilimita 1,435. Mukagawa ndi 76.2 mupeza 18.83. Koma timasitima ta m'sitolo ta mulingo umenewu, totchedwa OO, timayenda pa kanjanji ka mamilimita 16.5, kamene n'kolondola pa mulingo wina, wa HO, wochepetsa ka 87. Zinayamba kale, pamene timamota tamagetsi tinali tisanachepe mokwanira kulowa m'mitu ya sitima za ku Britain, yomwe ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya ku America ndi ku Germany. Opanga anakulitsa thupi n'kusiya njanji momwemo, ndipo Hornby atatulutsa timasitima take ta Dublo mu 1938, chizolowezicho chinakhazikika. Zotsatira zake, mawilo amalowa mkati ndi mainchi 7 a bogi yeniyeni. Ena sanakhutire. Gulu lina linasankha njanji ya EM, imene lero ndi mamilimita 18.2, n'kupanga bungwe lawo mu 1955. Ena m'zaka za m'ma 1960 anapita pa 18.83 penipeni, pa muyeso wotchedwa P4, n'kumadzipangira okha njanji. Ine sindinyoza wa OO amene akudziwa kuti walolera pati ndipo chifukwa chiyani. Amene ndimalimbana naye ndi wopanga zogulitsa amene amatenga thupi limodzi la bogi n'kumalipaka mayina a eni osiyanasiyana amene sanakhalepo ndi bogi ya mtundu umenewo, wogula n'kumaganiza kuti wagula mbiri.

Wina afunsa, ndipo funso lake n'labwino: ndani adzawerenge mabawuti pa kanthu ka mamilimita 66? Mwina palibe. Koma taonani zimene zimachitika kwa wopangayo. Kuti aike bawuti pamalo pake, ayenera kudziwa chimene chili kuseri kwa thabwa. Kuti adziwe zimenezo, ayenera kumvetsa mmene bogi inamangidwira, ndipo akamvetsa, amayamba kufunsa amene ankaimanga, amene ankaidzaza, amene ankaithamangira usiku. Zambiri zimene zikudziwika lero za mabogi a ku Britain zinafufuzidwa ndi anthu amene ankangofuna kupanga kabogi kolondola: ankapita m'mabwalo a njanji ndi tepi ndi kamera pamene akatswiri a mbiri anali otanganidwa ndi zina. Ku Long Wittenham, m'chigawo cha Oxfordshire, kuli nyumba yotchedwa Pendon Museum, imene inayambitsidwa mu 1954 ndi Roye England, munthu wochokera ku Australia. Iye atafika ku England mu 1925 anaona kuti nyumba zakale zofolera ndi udzu za m'dera la Vale of White Horse zikugwetsedwa ndi kusinthidwa, ndipo anayamba kuziyeza ndi kuzijambula, n'kumazipanganso ndi makatoni pa mulingo wa mamilimita 4, akupenta njerwa imodziimodzi. Lero m'nyumbamo muli chifanizo cha deralo mmene linalili cha m'ma 1930, ndipo mumayendanso sitima yaitali ya malasha, bogi iliyonse ndi dzina la mwini wake weniweni. Zina mwa nyumba zimene anayeza kulibenso.

Nanga kwathu kuno? Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwenso njanji inafika ku Salima. Ya ku Nacala, yopatukira pa Nkaya kudzera ku Liwonde ndi Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970. Ku Lilongwe sitima inafika mu 1979, ku Mchinji mu 1980. Pa njanji zimenezi panadutsa tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, fodya, thonje ndi mtedza kupita kunyanja, ndipo feteleza, mafuta, mchere ndi makina zinkabwera. Zonsezi zinayenda m'mabogi, ndipo agogo athu ndi amene ankasenza mabelo ndi matumba kulowetsa m'menemo, ena akukonza mabogiwo ku Limbe. Mutu wakale wa sitima mukhoza kukauona pa bwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Lero pa njanji yochokera ku Moatize pakudutsa sitima za malasha zokoka mabogi oposa 100, ndipo nawonso tsiku lina adzakalamba. Ku Barry taona kuti ogula zitsulo anayambira pa mabogi.

Njanji yathu ndi yotalikirana mafiti 3 ndi mainchi 6, mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Izi zikutanthauza kuti kugula kanjanji ka 16.5 n'kuikapo bogi ya kwathu yochepetsedwa ka 87 n'kulakwitsa kwakukulu kuposa kwa OO kuja, chifukwa pa mulingo umenewo njanji yathu iyenera kukhala mamilimita 12. Anzathu a ku New Zealand, amene njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, anapeza njira yabwino: amachepetsa ka 64. Gawani 1,067 ndi 64, mupeza 16.67, pafupifupi ndendende kanjanji ka 16.5 kamene kamapezeka mosavuta kuposa tina tonse pamodzi ndi mawilo ake. Pa mulingo umenewu mita imodzi ndi mamilimita 15.6, ndipo kabogi kamakula mokwanira kuti manja ndi maso asavutike kwambiri. Umenewu ndi umene ndikukulangizani.

Luso la manja lilipo kale. Mwana amene amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chokhotetsadi mawilo wamvetsa kale kuti kanthu kakang'ono kayenera kugwira ntchito ngati chachikulu. Chimene ayenera kuwonjezera ndi tepi ndi kope. Zipangizo musadandaule nazo: katoni yolimba yopakidwa vanishi imagwira zaka zambiri, chitini cha mkaka chimapereka chitsulo chopyapyala chodulika ndi sizasi, ndipo waya wa m'mota yakufa ya wailesi kapena ya fani amakwana pa zigwiriro ndi mapaipi a buleki. Zogula kunja ndi mawilo okha.

Choyamba n'kuyeza. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pa siteshoni, pitani awiriawiri, ndipo musalowe kunsi kapena pakati pa mabogi amene alumikizidwa ku sitima. Sankhani bogi imodzi yoima payokha, makamaka yakale kwambiri imene mungaipeze. Ijambuleni mbali zonse zinayi mutaima molunjika, ndodo ya mita imodzi itatsamira pa bogiyo kuti chithunzi chidzathe kuyezedwa. Funani kachitsulo kolembedwa dzina la kampani imene inaipanga ndi chaka chake, kamene kamakhala pa chitsulo chachikulu cha m'munsi. Pukutani ndi nsanza, ikani pepala pamwamba n'kukhukhuta ndi pensulo. Lembani nambala, kulemera kwake, katundu amene inkaloledwa kunyamula, ndi malemba ena onse, ngakhale ofufutika amene akuonekera pansi pa penti yatsopano. Mukapeza bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku njanji, khalani naye pansi akuuzeni kuti mabogi a mtundu umenewo ankawatcha chiyani, ankanyamula chiyani, chimavuta n'chiyani potsekula zitseko zake. Zithunzi zakale zofananitsira mukazifunse ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Pamwamba pa pepala lililonse lembani tsiku ndi malo musanalembe muyeso woyamba, ndipo mukamaliza mukopere kawiri, kope limodzi likhale lanu, linalo lisungidwe ku laibulale ya sukulu yanu kuti ophunzira obwera m'mbuyo mwanu adzapangirepo.